A Gray a Kumahatchi ndi Mtima Umene Sunakwane m'Beseni

Kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri mpaka nditatsala pang'ono kutha msinkhu, ine sindinathamangepo. Sikuti ndinali wolumala ayi. Miyendo ndinali nayo, yaitali ngati ya kakowa, koma bambo anga a Gray Nkhoma anali ataletsa. Pakomboni yonse ya famu yathu, kufupi ndi tauni ya Concession, panalibe amene sankalidziwa lamulo limeneli. Ndikangoti ndifulumizeko phazi popirikitsa nkhuku, mawu ankatulukira pakhomo lililonse: "Iwe Lestina, pang'onopang'ono! Tikakunenera kwa baba vako!"

Bambo anali munthu wamfupi, wochepa thupi, wa miyendo ya matewe ndi mawu apansipansi. Anachoka kwawo ku Ntcheu ali mnyamata, wapansi, kudzera ku Tete, pamodzi ndi anzawo ofuna ntchito ku Halale. Anayamba ndi kuthyola fodya ndi kusonkha moto m'mabalani, ntchito imene inkawagwetsa chifukwa cha kuchepa thupi. Kuchepa komweko ndi kumene kunawaombola. Mzungu wa famuyo, amene tinkamutcha Kamwendo poti anabwera kunkhondo akutsimphina, ankaweta mahatchi a mpikisano, ndipo ankafuna munthu wopepuka woti aziwakwera m'mawa. Anayang'ana pamzere wa antchito n'kuloza wochepetsetsa. Bambo anali asanaigwirepo hatchi chibadwire. Ankanena okha kuti mwezi woyamba anaidziwa bwino nthaka ya dera lathulo la Mazowe, chifukwa ankaipsompsona m'mawa uliwonse.

Koma anaphunzira, ndipo anthu anaiwala zoti ndi a Nkhoma. Anangokhala a Gray a kumahatchi. Ankapesa mahatchiwo, kuwachotsa nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira, kuwadulira msipu, kenako kuwathamangitsa mmodzimmodzi pamsewu wotchinga moto umene unkadutsa pakati pa chimanga ndi mabulugamu. Nthawi ya dzinja ankawatsekera m'khola dzuwa lisanapendeke kwenikweni, n'kufukiza ndowe zouma pakhomo, kuopa tizilombo touluka timene timabweretsa matenda a mahatchi, ndipo sankawatulutsa mame asanaume. Ankanunkha hatchi ngakhale Lamulungu atasamba ndi sopo. Ine ndinakula ndikuganiza kuti bambo aliyense amanunkha choncho.

Mayi anga a Agnesi anali a ku Dedza. Bambo anapita kumudzi kamodzi kokha m'moyo wawo wonse wa kuno, ndipo ulendo umenewo ndi umene anakwatira. Kwathu mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, choncho kuti awatenge mayi kubwera nawo kuno anachita kupempha chitengwa kwa mlongo wawo wa mayi, atsibweni anga a Harvey. Atsibweni analola, koma anawauza mawu amene bambo anayenda nawo mpaka kumanda: "Mkaziyu ndi ana amene adzabadwe ndi mbumba yanga. Inu ndangokubwerekani."

Ana amene anabadwa ndi kukhala moyo ndinali ine ndekha. Chaka chimene azungu analumikiza maiko atatu kukhala chitaganya, mayi anayamba kutupa miyendo. Ankapuma ngati akwera phiri pamene angochokera kuseri kwa nyumba, ndipo ankagona chokhala, atatsamira khoma. Bambo anapita nawo kuchipatala cha mishoni ku Chiweshe, kumene anauzidwa kuti mtima wa mayi wakula, watupa. Sanafunse zambiri. Munthu wa pafamu masiku amenewo sankafunsa dokotala mafunso, ankangovula chipewa. Mayi anamwalira mvula isanagwe. Uthenga unapita kumudzi ndi munthu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo yankho linabwera patapita miyezi, ndi munthu winanso, la pakamwa: atsibweni akuti amva, mwanayo mumusunge bwino, adzamufuna.

Apa ndi pamene bambo anakhala pansi n'kuwerengera zinthu mwanjira yawo. Mwana ndi wa mayi ake, zimenezo kwathu sitikambirana. Nkhope yanga inali ya mayi, mpata wa m'mano wa mayi, miyendo ya mayi. Nanga mtima ukanakhala wa yani? Ndiye mlongo wa eni anali atawafera kale m'manja kudziko lachilendo. Mwana wa eni naye awafere? Akakanena chiyani ku Dedza?

Ndiye ndinaletsedwa kutunga madzi, kusinja, kusenza nkhuni, kulumpha chingwe ndi kuthamanga. Phada yekha ndiye ndinkaloledwa, poti amasewera chokhala. Madzi ankatunga ndi bambo, chigubu pamutu, pamzere umodzi ndi amayi a pakomboni, amuna anzawo akuseka m'manja. Akazi ananditcha Dzira la a Gray. Ndikangotsokomola, bambo ankandikhazika pampando n'kuika khutu pamsana panga, kumvetsera, nkhope ili gwaa ngati akumva mlandu. Ndisabise, ndinkakwiya. Ndinkakwiya mpaka kulira, ndipo ndikalira iwo ankachita mantha kuti kulirako kundivulaza, n'kuthamangira kusitolo kukandigulira maswiti. Munthu ungakangane naye bwanji wotere?

Chimene chinkandipweteka koposa chinali sukulu. Ya pafamu inkalekezera Sitandade 2, ndipo ine ndinamaliza n'kukhalamobe, chaka ndi chaka, mpaka ndinkakwanitsa kuphunzitsa ndekha aphunzitsi akapita kokamwa tiyi. Aphunzitsiwo anabwera kunyumba kangapo kudzachonderera kuti ndipite kusukulu yogonera komweko ya mishoni. Bambo ankawapatsa mpando, n'kuwafunsa mwaulemu kuti atsikana kumeneko amatani akadzuka. Aphunzitsi, munthu wosadziwa kunama, ankayankha kuti amatunga madzi, amalima kumunda wa sukulu, ndipo amathamanga kuzungulira bwalo.

"Zikomo aphunzitsi," bambo ankatero. "Uyu ndi mwana wa eni."

Ndipo nkhani inkathera pomwepo, ine ndili kuseri kwa chitseko ndikudziluma chala.

M'khola la Kamwendo munali hatchi yaikazi imene dzina lake la Chingerezi linkatipinda lilime, ndiye tinkangoitcha Dona, chifukwa inkayenda monyang'wa ngati mkazi wa bwana akupita kutchalitchi. Sinali yokongola kuposa zinzake, koma pa mipikisano yaitali ya ku Halale zinzake zikayamba kutulutsa thovu iyo inkakhala ngati ikungoyamba kumene. Itakula anaisiyitsa mpikisano kuti ibereke, ndipo Kamwendo anaikweza sitima kupita nayo kwa hatchi yamphongo yotchuka ya kutali. Inabereka kamsoti kakuda kokhala ndi banga loyera pamphuno.

Kamwanako kakadayamwa, Dona anadwala. Unali m'mawa wa nthawi yogulitsa fodya, Kamwendo ali ku Halale kumsika. Hatchiyo inayamba kudziponya pansi, kugubuduzika, kudziyang'ana pamimba, thukuta lili kamukamu. Bambo anaiyendetsa, anaimwetsa mafuta, anachita zonse zimene ankadziwa. Dzuwa lisanafike pamutu inali itafa.

Hatchi ikafa pafamupo, chikopa chinkasungidwa ndipo nyama inkapita kwa agalu a bwana. Ntchito yosenda inali ya a Estevao, munthu wa ku Tete amene ankapha ng'ombe za nyama ya antchito, mnzawo wa bambo wa ponda apa nane mpondepo. Iwo sankati hatchi, ankati kavalo, ndipo anali atasendapo akavalo angapo amene anafa ndi matenda a dzinja. Anali ndi kabeseni kawo koyera kothethekera m'mphepete, kamene ankaikamo mtima ndi impso. Masana amenewo anatuma munthu kudzaitana bambo, ndipo ine ndinawatsatira, choyenda.

"Shamwali, taonani ichi," anatero a Estevao, manja ali magazi mpaka m'zigongono. "Mitima ya akavalo onse amene ndasenda imagona m'beseni muno n'kutsala malo. Uwu wakana kulowa."

Unalidi utakhala pamwamba pa beseni ngati dzungu lalikulu, mbali ina ikulendewera kunja. Bambo anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti sukulu yanga yapitanso kutali.

"Watupa," anatero. "Ngati wa amake Lestina."

Kamsoti kaja tinakatcha Masiye. Bambo anakalera ndi botolo, mkaka wa ng'ombe wothira madzi ndi shuga, ndipo kugwira botololo inali ntchito yokhayo imene ndinaloledwa, poti imagwiridwa choima malo amodzi. Tinakula ngati pachibale, ine ndi Masiye, ndipo tinkamvetseredwa ndi khutu limodzi. Bambo akachoka pamsana panga ankapita kukaika khutu lomwelo kuseri kwa mwendo wakutsogolo wa Masiye. Za mtima wa Dona sanamuuze Kamwendo. Ankaopa kuti akamva kuti mtunduwo ndi wodwala, kamwanako akawombera.

Masiye atakwana zaka zoyamba kuphunzira liwiro, bambo anamuzoloweza chishalo ndi zingwe mofatsa, ndipo zonse zinayenda bwino mpaka tsiku lotuluka pamsewu wa mabulugamu. Kamwendo ankaima kumapeto kwa msewuwo, wotchi m'manja, kudikira kuona mwana wa Dona ndi mphongo yotchuka ija. Bambo ankayamba bwinobwino, koma akangomva kuti hatchi yayamba kudzitambasula pansi pawo, ankakoka zingwe mobisa, ndi zala zokha, munthu wa patali osaona. Masiye ankafika kumapeto akupukusa mutu, atakwiya, asanatuluke ndi thukuta lomwe.

"Ini ndaba, Gray?" Kamwendo ankafunsa m'Chilapalapa, chilankhulo cha azungu ndi antchito awo, kutanthauza kuti chavuta n'chiyani.

"Sakufuna, bwana. Mwina akadali mwana."

Anachita zimenezi nyengo yonse, n'kulowanso ina. Manja awo anachita zikang'a chifukwa cholimbana ndi hatchi yofuna kuthamanga. Ine ndinkaona zonse ndili pampanda, ndipo ndinkamumvetsa Masiye kuposa mmene ndinkamvetsera munthu aliyense.

Zinthu zinatembenuka mwezi wa Okutobala, kukutentha kwa mtima bii. Kamwendo anatopa kudyetsa hatchi yaulesi, ndipo anagwirizana ndi munthu wina wa ku Mutorashanga amene ankatuta miyala ya kuromu pangolo kuchokera m'mapiri. Munthuyo anati adzabwera ndi lole kumapeto kwa sabata. Bambo atamva anakhala pakhonde osadya. Iwo anali atamuteteza Masiye ku liwiro la kanthawi kochepa pamsewu wosalala, ndipo chitetezo chawocho chinkamutumiza kukakoka miyala m'phiri tsiku lonse, chikwapu chili pamsana.

Amene anawadzudzula ndi mayi Beatriz, akazi a a Estevao, mayi wonenepa wa pakamwa posatseka amene ankandiluka tsitsi chimwalirire mayi.

"Bambo a Lestina, mwaona tsono? Kusunga kwanuku kupha chinthu. Pitani mukamuuze murungu wanuyo chilungamo."

"Akandichotsa ntchito, mayi. Ndikachoka pano ndipita kuti ndi mwanayu?"

"Ndiye mukhale chete kavalo akafere kumigodi. Zili kwa inu."

Mantha a bambo sanali opanda pake. Pafamu ntchito ikatha, nyumba nayo yatha, ndipo umatuluka pageti ndi mphasa yako pamutu.

Sabata yomweyo kunabwera dokotala wa ziweto wochokera ku Halale kudzabaya mahatchi jekeseni ya matenda a dzinja, monga ankachitira chaka chilichonse mvula isanayambe. Anali mzungu wamtali wouma, wosalankhulalankhula, amene ankayenda ndi womuthandiza wa Chishona womasulira. Atafika pa Masiye, Kamwendo anati ameneyo amusiye, akupita. Pamenepo bambo anavula chipewa, n'kuima pakati pa azungu awiriwo, ndipo ananena zonse: za beseni la a Estevao, za mtima wa Dona, za zingwe zimene akhala akukoka.

Sindinaonepo munthu akufiira ngati mmene anafiirira Kamwendo tsiku limenelo. Anaponya chipewa chake pansi, n'kutukwana m'zilankhulo zitatu. Koma dokotala uja anakweza dzanja kuti aleke, ndipo anapempha kuti amuitanire wosenda uja.

A Estevao anabwera akupukuta manja pa apuloni, ndipo mafunso anayamba kudzera mwa womasulira. Kodi mtimawo unali wofewa, wolobodoka? Ayi, unali wolimba, mpeni unkachita kulimbana nawo. Makoma ake anali opyapyala? Ayi, ochindikala, nyama yofiira bwino. Munali madzi m'thumba lake, kapena m'chifuwa? Munalibe. Nanga matumbo?

"Aa, matumbo ndiye anali oipa, bwana," anatero a Estevao. "Anapotana ngati chingwe, mbali ina yakuda bii, yonunkha."

"Nanga bwanji simunanene?" bambo anafunsa.

"Simunandifunse za matumbo, shamwali. Inu munangoona mtima basi."

Dokotala anafotokoza pang'onopang'ono kuti womasulira asatsalire. Anati Dona anafa ndi matumbo opotana, matenda amene amagwira hatchi iliyonse. Anati mtima umakula mwanjira ziwiri. Wina umakula chifukwa chodwala, umafutukuka n'kulobodoka ngati thumba lakale. Wina umabadwa waukulu, n'kumakulirakulira ndi ntchito ngati mkono wa munthu wosula makasu, ndipo ukagunda kamodzi umatumiza magazi ochuluka kuposa wa hatchi wamba. Hatchi yotero sitopa msanga. Anati anamvapo za mahatchi otchuka a maiko ena amene atafa anapezeka ndi mitima yotere.

"Koma ine sindikhulupirira nkhani ya beseni yokha," anatero. "Muthamangitseni, ndimumvere."

Anayamba wamvetsera Masiye ali chiimire, ndi chipangizo chake cha mipira iwiri ya m'makutu. Kenako anauza bambo kuti akwere, apite mpaka kumapeto kwa mabulugamu ndi kubwerera, ndipo asakoke zingwe ngakhale pang'ono. Bambo anakwera ngati munthu wopita kukaika maliro. Anthu a kumabalani ndi kumunda anali atasiya ntchito, atadzaza pampanda.

Ndinawaona akupita, akugwirabe zingwe mwachizolowezi. Pobwerera ndi pamene manja awo anatsika. Masiye anatambasuka, mimba pafupi ndi nthaka, fumbi lofiira likutsalira kumbuyo ngati kwadutsa lole. Anatidutsa ngati mphepo ya mkuntho n'kukaimira kutali, kuseri kwa dipi ya ng'ombe, chifukwa bambo analephera kumuimitsa. Kamwendo anayang'ana wotchi yake, anaigwedeza, anaiika kukhutu, n'kuiyang'ananso.

Bambo anatsika misozi ili mbwembwembwe, n'kumati ndi mphepo. Sanayang'ane munthu. Anazungulira hatchiyo kudikira kuti igwe. Dokotala anamvetsera, anadikira pang'ono, anamvetseranso, kenako anachotsa mipira ija m'makutu mwake n'kuiika m'makutu mwa bambo. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anandiuza pambuyo pake kuti anamva ngati munthu akusinja mumtondo waukulu, mosathamanga, ndipo kusinjako kunkanka kukudekha iwo akumvetsera.

"Mtima wodwala subwerera msanga chonchi," anatero dokotala.

Bambo anabweza chipangizocho ndi manja awiri. Ndiye munthu uja amene sanamufunsepo dokotala funso anafunsa.

"Bwana, mtima umenewu wautenga kwa amake?"

Dokotala anakanda m'mutu. Anati oweta mahatchi ambiri amalumbira kuti kupirira kumachokera kwa make, ena amati kwa atate, ndipo iye sakudziwa, palibenso amene anamuonetsa umboni. Chimene ankadziwa n'chakuti mwana amatenga kuwiri konse, ndipo si zonse za kholo zimene zimapita kwa mwana.

Bambo anabwera pampanda, anandigwira padzanja, n'kundikokera pakati pa bwalo, pamaso pa komboni yonse, n'kundiimika pamalo pamene panaima Masiye.

"Uyunso, bwana. Amake anafa ndi mtima. Mumvereni."

Anthu anaseka, ndipo ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Dokotala anakana, anati iye ndi wa nyama, za anthu sazidziwa. Bambo sanasunthe. Anangoima, chipewa pachifuwa, dzanja langa lili m'dzanja lawo lozizira. Mapeto ake mzunguyo anapukuta chipangizo chija pamalaya ake n'kuchiika pamsana panga, chikununkha hatchi. Anamvetsera uku ndi uku. Kenako analoza geti la kudipi n'kunena kuti ndithamange kukaligwira ndi kubwerera.

Ndinayang'ana bambo, chifukwa popanda mawu awo sindikanasuntha. Anasiya dzanja langa, anatembenuka, n'kukabisa nkhope pakhosi pa Masiye. Amene anakuwa anali mayi Beatriz, kuchokera pampanda.

"Mhanya, musikana! Thamanga iwe!"

Ndinathamanga. Musaganize kuti zinali zokongola. Ndinali nditaiwala kuti manja amatani munthu akamathamanga, ndipo ndinkapita ngati mwana wa ng'ombe wobadwa dzulo. Pobwerera ndinapunthwa n'kusupuka bondo, ndinadzuka, ndinafika ndikupuma ngati galu, chifuwa chikuwotcha, ndikuseka osadziwa chimene ndikuseka. Bambo anali asanatembenukebe. Dokotala anamvetsera, anadikira, anamvetseranso, ndipo anati sakumva cholakwika, koma apite nane kwa dokotala wa anthu, chifukwa iye akhoza kungotsimikiza kuti sindine hatchi yodwala.

Tinapita ku Chiweshe sabata yotsatira, kuchipatala chomwe chija. Sisitere wina wachikulire anawakumbukira mayi. Anandipima, anandikweza ndi kunditsitsa masitepe, n'kunena kuti mtima wanga ulibe vuto. Ulendo uno bambo anafunsa, ndipo anafunsa mpaka sisitereyo anakhala pansi. Anawafotokozera kuti matenda a mayi amayamba munthu ali mwana, ndi zilonda za pakhosi ndi kuphwanya kwa mfundo, n'kuwononga tizitseko ta mumtima mwakachetechete. Anati si chinthu chimene mayi amasiyira mwana ngati mpata wa m'mano, kungoti ndikadzamva zilonda za pakhosi ndisadzazengereze kupita kuchipatala.

Pobwerera, titatsika basi, bambo anandigulira banzi, n'kundiyang'ana ndikudya.

"Ndakumanga miyendo zaka zonsezi, mwanawe," anatero. "Pepa."

Ndinali nditasunga mawu ambiri oti ndidzawauze tsiku ngati limeneli, mawu akuthwa amene ndinkawanola kuseri kwa chitseko. Ndinayang'ana pamutu pawo, pamene chigubu cha madzi chinawadyera tsitsi, ndipo mawu onsewo anathawa. Ndinanyema banzi lija n'kuwapatsa theka.

Kamwendo sanawachotse ntchito. Anawatukwana mwezi wathunthu, koma Masiye sankalola munthu wina kumumanga chishalo, ndipo lole ya ku Mutorashanga inabwerera yopanda kanthu. Masiye anapambana mipikisano ina yaitali ku Halale, ina analephera, ndipo bambo sanaonepo ngakhale umodzi bwinobwino, poti malo awo anali kumakola, atagwira bulangete ndi ndowa. Mwa ana amene Masiye anadzabereka, mmodzi yekha ndiye anatengera amake. Enawo anali mahatchi wamba okonda kudya, ndipo bambo ankati bola, zikusonyeza kuti Mulungu sagwiritsa chikombole chimodzi. Atsibweni a ku Dedza sanabwere kudzanditenga. Bambo anakalamba pafamu pomwepo n'kuikidwa kuseri kwa mabulugamu, pafupi ndi mayi, akunenabe kuti ndine mwana wa eni. Ine ndinadzakhala mphunzitsi, ndipo ana amene anadutsa m'manja mwanga angakuuzeni kuti ndinkawathamangitsa kuzungulira bwalo popanda chisoni.

Ndimawathokoza anthu onsewo: a Estevao ndi beseni lawo, mayi Beatriz ndi pakamwa pawo, mzungu wouma uja amene dzina lake sindinalidziwe, ngakhalenso Dona. Koma bambo ndimawathokoza mwapadera, osati chifukwa chondisunga chokha, koma chifukwa atazindikira kuti analakwitsa sanakakamire. Ndaona amuna ambiri amene angalole mwana kufota kusiyana n'kuvula chipewa pagulu.

Januwale wotsatira ulendo wa ku Chiweshe uja ndinapita kusukulu ya mishoni. Tinanyamuka pafamu m'mawa kupita kokwerera basi ku Concession, bambo atasenza bokosi langa lachitsulo pamutu, atakana kuti ndiwalandire. Ankayenda pang'onopang'ono monga tinkayendera nthawi zonse, n'kumaima pamthunzi uliwonse kuti ndipume, ngakhale wotopa anali iwo. Chizolowezi sichimva za sisitere. Tikutulukira pangodya ya masitolo tinaona basi itadzaza kale, kondakitala akutsika pamakwerero a katundu, utsi ukutuluka kumbuyo. Inayamba kuyenda. Ina inali ya mawa lake, ndipo sukulu inkatsegulira tsiku lomwelo.

Ndinaima n'kuwayang'ana, monga ndinkachitira moyo wanga wonse. Bambo anayang'ana basi, anayang'ana ine. Anagwira bokosi lija ndi manja awiri, ndipo munthu wa mawu apansipansi uja anakuwa mpaka anthu a pakhonde la sitolo anatembenuka.

"Lestina, thamanga! Kaiimitse! Thamanga, mwana wanga!"

Ndinathamanga, ndipo kumbuyo kwanga ndinkamva bokosi likulira pamutu pawo, iwonso akuthamanga.